Zikhomo Zoyezera Dzuwa

Munda umene timalima si wathu. Atate atatsika kuchokera kumtunda kudzakhala kuno kuchigwa, ine ndili kumsana, anapeza malo omangapo nyumba koma polima analibe. Bambo ena achikulire a konkuno, amene ndimawatchula ambuya ngakhale si ambuya anga enieni, anadula mbali ya munda wawo n'kuwauza kuti, "Limani." Panalibe pepala. Malire anali kachulu ka kum'mawa ndi mawu a ambuyawo basi. Chaka chilichonse tikakolola, amayi amasenza dengu la mtedza kukathokoza.

Kum'mawa kwa minda iwiriyi kumadutsa mpanda umodzi wa chingwe. Pachingwepo timamangirira nsanza zopaka tsabola ndi oyilo wakale kuti njovu zikamva fungo zibwerere. Munda wathu uli kumanzere kwa kachulu ukayang'ana kotulukira dzuwa, wa ambuya uli kumanja.

Chaka chimene ndinali mu giredi 9, aphunzitsi athu a jogalafe anatiuza kuti dzuwa silituluka pamalo amodzi. Okhala kumbuyo anaseka. Wina anati, "Madamu, ndiye kuti kum'mawa kumasamuka?" Aphunzitsiwo sanakwiye. Anati amene akukayika apeze poika diso pamene sipasuntha, aziona yekha. Belu linalira, nkhani inathera pomwepo. M'kalasi sindikweza dzanja, ndipo ndikatchulidwa ndimangoyang'ana pansi. Koma madzulo ake ndinalemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku kuti ndikufuna kuona.

Pakati pa munda wathu pali chitsa cha mupani, cholimba ngati chitsulo. Ndinakhomapo msomali. Ndikagwada n'kuika chibwano pachitsacho, diso limodzi nditatsinzina, mutu wa msomali unkakhala patsogolo pa diso linalo, ndipo mpanda unkaonekera patali, mapazi anga makumi atatu. Ndinayamba mu Ogasiti. Nthawi imeneyo tchire limakhala likupsa, utsi uli ponseponse, ndiye dzuwa limatuluka lofiira ngati phwetekere, losathobwa m'maso. Ndinkadikira kuti lonse litulukire pamwamba pa mitengo yakutali. Ndikaona pamene pakati pake palunjika pachingwe, ndinkathamanga kukazika kansungwi pamenepo, n'kubwerera kudzasuzumira, n'kuthamanganso kukakasuntha pang'ono. Nthawi inali yochepa kwambiri. Dzuwa likangokwera pang'ono limayera, sungaliyang'anenso.

Chikhomo chilichonse ndinkachimanga kansalu kofiira kuti chizioneka m'chisisira, n'kuchilemba nambala ndi khala. Kenako ndinkayeza kuchokera pamzati wa pakona ya mpanda, ndi chingwe chimene ndinachimanga mfundo pa mita iliyonse, zotsalazo ndi rula yanga ya kusukulu. Lolemba ndi Lachisanu, sabata ndi sabata. Zikhomo zinayamba kuyenda kupita kumanja. Tsiku limene ndinaona kuti chachitatu chaima patali ndi choyamba, ndinakhala pansi m'fumbi n'kumangoseka ndekha. Ndinalemba kuti, "Ndi zoona. Likuyenda masentimita ngati 14 pa tsiku."

Palibe amene ankadziwa. Lamulo la atate linali lakuti mwana asapite kumunda dzuwa lisanakwere, chifukwa m'mamawa ndi pamene njovu zimabwerera kumtsinje, ndipo zimaima phee m'mitengo osamveka. Ine ndinkanyamuka ndi ndowa ngati ndikupita kumjigo, n'kukhotera kumunda, kenako n'kuthamangira madzi. Atate ndi amayi sankapita kumundako chifukwa chilimwe kulibe ntchito. Sindinaname ndi pakamwa, koma ndinkadziwa kuti ndi bodza ndithu.

Chinthu chimodzi sindinachiganizire. Dzuwa silidziwa malire. Kumayambiriro kwa Okutobala zikhomo zanga zinadutsa kachulu kaja. Ndinaona, inde, koma maganizo anga anali pa masentimita.

Linali Loweruka masana pamene ambuya anabwera. Atate anali pansi pa mtengo wa mango pamene amakonzera njinga za anthu, ine ndinali kuseri kwa khitchini ndikuchapa yunifomu. Ndinawaona akulowa pabwalo atakumbatira nsungwi, tinsalu tofiira tikulendewera.

"Mwaswera bwanji, akulu?" anatero atate akuimirira n'kuwapatsa mpando.

Ambuya sanakhale. Masiku onse amalankhula ndi atate Chikunda, ngati mwana wawo. Tsiku limenelo analankhula Chinyanja, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mlendo wa pa basi.

"Ndabwera ndi katundu wanu." Anaziponya pansi. "Zisanu ndi ziwiri. Ndazizula m'munda mwanga. Za kwanu sindinakhudze."

Atate anatola chimodzi n'kuchitembenuza. "Izi n'zayani?"

"Mukufunsa ine? Kansalu kofiira, nambala. Ndinaziona zotere kumsewu wa ku eyapoti. Amayamba ndi zikhomo, kenako waya, kenako mwini munda amauzidwa kuti apite akalondere pageti. Mwagulitsa kwa yani? Wa loji kapena wa shopu?"

"Akulu, ine? Zaka zonsezi?"

"Nanga zikhomo zimamera? Zachokera m'munda mwanu, zikuyenda mzere, sabata ndi sabata zikulowa kwanga. Ndakhala ndikuziwerenga. Ndimati mwina mubwera mudzandiuze nokha."

"Sindikuzidziwa. Ndikulumbira."

"Musalumbire, mwana angamve." Anayang'ana cha kumene ndinali, ine n'kuweramira m'beseni. "Mvula ikagwa musalowe ndi khasu m'munda muja. Ndautenganso."

Ndikanatha kuimirira pomwepo. Panali mapazi khumi okha. Ndinatsegula pakamwa, koma ambuya anatuluka pabwalo ine ndikadafinya kolala ya bulawuzi.

Masamba a kabuku kanga a sabata imeneyo ndi ovuta kuwerenga. Tsiku lililonse ndinalemba kuti, "Mawa ndinena." Lamlungu atate anapita kwa ambuya atavala jekete, anabwerako osakhalitsa. Lolemba anakwera njinga kukafunsa malo kwina. Anawauza za malo ena m'mphepete mwa mtsinje, panjira yeniyeni ya njovu, pamene palibe amene anakololapo. Lachinayi anapalasa mpaka cha ku Msoro, anabwera mdima uli pafupi, fumbi mpaka m'nsidze. Amayi anali atayamba kusenda mtedza wa mbewu. Anausiya m'lichero hafu, nkhuku n'kumaujompha iwo akuyang'ana.

Kumadzulo, kuseri kwa mapiri, mitambo inayamba kuunjikana masana alionse. Kunkatentha moti malata ankalira. Aliyense pamjigo ankati mvula ili pafupi, ndipo akandiona ankasiya kulankhula.

Ndinkaopa zinthu ziwiri, ndipo sindidziwa chimene chinali chachikulu. Ndinkaopa nkhope ya atate akadzamva kuti miyezi itatu ndakhala ndikupita kumunda kusanache. Ndinkaopanso kuti ndikanena zoona palibe adzakhulupirire. Kuyeza dzuwa? Ngakhale ine ndikadziuza mokweza zinkamveka ngati bodza la mwana wa giredi 1.

Lamlungu lotsatira tikuchokera kutchalitchi, amayi anati adziwa amene wachita. Anatchula mayi wina amene anakangana naye za mbuzi. Anati mawa apita kukamufunsa pamaso pa anthu. Mayiyo ndi amene anandiluka tsitsi pa Khirisimasi.

Lolemba m'mawa ndisanapite kusukulu ndinatsegula bokosi la zipangizo la atate, n'kuika kabuku kanga pamwamba pa masipanala, tsamba la mango litatsekera pamene panayambira manambala. Kabukuko sindinaonetsepo munthu. Munali zina zambiri zimene sindinkafuna kuti atate awerenge. Tsiku lonse m'kalasi sindinamve kalikonse.

Nditabwerera ndinawapeza atakhala pa mpando wawo, kabuku kali pabondo, chala chakuda ndi girisi chili pamzere wa manambala. Amayi anaima pakhomo atagwira pakamwa.

"Kangati?" anafunsa atate osandiyang'ana.

"Twente-folo."

"Kusanache?"

"Inde, atate."

"Njovu unakumana nazo?"

"Kamodzi. Zinali patali."

"Patali." Anatseka kabuku. Ndinadikira kuti akalipe, koma anangoti, "Zina zija sindinawerenge. Tenga chingwe chako ndi rula. Tiye."

Ambuya tinawapeza akusema mpini, akazi awo, ambuya aakazi, akusankha mpunga pamphasa. Ndinagwada n'kupereka moni. Atate anafotokoza, koma ankasokoneza, ankati ndimayeza kutentha kwa dzuwa. Ambuya anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Masiku naini mwakhala mukuganiza, n'kupeza zimenezi? Mwasowa wamkulu wokunamirani, mwatenga kamwana kosayankha n'komwe munthu akakapatsa moni?"

"Akulu, zalembedwa umu."

"Pepala limakana? Ndipatseni pensulo ndilembe kuti ndine mwini eyapoti." Anatembenukira kwa ine. "Iwe. Kuti dzuwa limayenda ndinadziwa atate ako asanabadwe. Nthawi yozizira limatulukira kuseri kwa mlambe, nthawi ya mvula limatulukira uko kumigwalangwa. Amene sadziwa zimenezo sanalimepo. Koma dzuwa silikhomeredwa chikhomo ngati mbuzi."

"Limakhomeredwa, ambuya."

Sindinadziwe kuti ndanena mokweza mpaka nditaona onse akundiyang'ana. Ambuya aakazi anasiya mpunga.

"Ee! Kodi kali ndi mawu?" anatero. "Ndimayesa kanawasiya kumtunda."

"Bwereza," anatero ambuya aamuna.

"Limakhomeredwa. Limayenda pang'ono tsiku lililonse, ndipo pang'onopo pamayezeka."

Ambuya anaika mpini pansi.

"Chabwino. Kukhoma dzuwa litatuluka kale, aliyense angakhome. Iwe ukakhome lero, madzulo ano, ine ndikuona. Mawa ndidzagwada pachitsa chakocho. Likatulukira pachikhomo, ndiye kuti zikhomo n'zako. Likatulukira pambali, atate ako asadzabwerenso pano ndi nkhani ya munda."

Atate anandiyang'ana. Sanafunse kuti, "Ungathe?" Ndikanakonda akanafunsa.

Kumunda ndinapeza kuti ambuya atazula zikhomo anasalaza mabowo ndi khasu. Panalibe chizindikiro chilichonse. Kupatula zikhomo zakale za m'munda mwathu, chinatsala ndi mzati wa pakona ndi manambala anga. Ndinagwira mzatiwo n'kuugwedeza kuti ndione ngati unasuntha. Unali wolimba.

Ndinakhala pansi n'kutsegula kabuku. Ndinayeza komaliza Lachisanu, ambuya asanabwere. Kufika mawa lake akhala masiku khumi ndi limodzi. Vuto linali pa nambala ya tsiku limodzi. Mwezi wonse wa Seputembala ndinkapeza 14. Koma maulendo atatu omaliza ndinapeza 13, ndipo pambali pake ndinali nditalemba kuti, "Mwina ndalakwitsa, chingwe chatamuka." Ngati chingwe chinatamukadi, ndiyenera kuwerengera 14. Ngati dzuwa layamba kuchepetsa liwiro, ndiyenera kuwerengera 13. Pa masiku khumi ndi limodzi kusiyana kwake ndi masentimita khumi ndi limodzi, pamene dzuwa lonse, ukaliona kuchokera pachitsa, limatenga malo ngati chikhatho changa nditachitambasula. Ndikasankha molakwa, chikhomo chikhoza kuima kunja kwake.

"Masamu avuta?" anatero ambuya ali chilili, manja kumbuyo.

Ndinatenga rula n'kuyamba kuyeza chingwe changa, mfundo ndi mfundo. Zinanditengera nthawi. Thukuta linkadonthera papepala. Atate ankangosuntha miyendo. Mita yoyamba inali yokwana, yachiwiri yokwana, yachisanu inapitirira pang'ono ngati chikhadabo, zina zonse zokwana. Chingwe sichinatamuke. Ndiye kuti si ine ndinalakwitsa. Ndinaganizanso za zimene ambuya ananena, kuti limafika kumigwalangwa basi. Chinthu chimene chikaima penapake n'kubwerera sichingafike pamenepo chikuthamanga.

Ndinawerengera 13.

"Atate, gwirani apa. Pamzati penipeni, pansi. Musakoke kwambiri."

Aka kanali koyamba kuwauza atate chochita. Anagwada m'fumbi n'kugwira. Ndinatambasula chingwe m'munsi mwa mpanda, kudutsa kachulu, kulowa m'munda wa ambuya, n'kuwerenga mfundo kawiri. Zotsala ndinayeza ndi rula. Ndinazika nsungwi, n'kubwerera m'mbuyo kuona ngati yaima chilili, n'kuipondera dothi m'mbali. Ambuya anatola mwala n'kulemba mzere pansi kuzungulira chikhomocho.

"Kuti chisayende usiku," anatero.

Kumadzulo kunagunda bingu. Tonse atatu tinayang'ana kumwamba. Za mitambo panalibe amene ananenapo, ndipo ndinaopa kufunsa.

M'mawa tinanyamuka kudakali chisisira, atate patsogolo ndi tochi. Panjira panali ndowe za njovu zikadali zonyowa, ndi nthambi za mango zothyoka. Atate anaima n'kumvetsera nthawi yaitali tisanapitirire. Ambuya tinawapeza atafika kale, atakhala pakachulu, atafunda kabulangete. Anali ataona kale mzere wawo.

Kum'mawa kunali mtambo wautali, wakuda, utagona pamwamba pa mitengo. Pakati pa mtambowo ndi mitengo panali kampata kopyapyala, kofiirira. Ndinauyang'ana mtambowo kuti ndione ngati ukutsika. Sindinathe kudziwa.

Ambuya anagwada pachitsa movutikira, akudandaula mawondo.

"Zaka zonsezi ndimagwadira Mulungu yekha, lero ndagwadira msomali. Ndiike pati chibwanochi?"

Ndinawaonetsa. Ndinawauza kuti atsinzine diso lamanzere, mutu wa msomali aulunjikitse pansonga ya chikhomo, ndiponso kuti adikire mpaka dzuwa lonse litatuluka. Ine ndinaima kumbuyo kwawo. Kuchokera pamenepo sindikanatha kuona bwino, chifukwa ukasuntha diso pang'ono chikhomo chimasunthanso. Woona anali mmodzi yekha, ndipo anali iwowo.

Kampata kaja kanafiira kwambiri. Kenako kansonga ka dzuwa kanatulukira, kowala ngati khala. Atate anavula chipewa n'kuchipinda m'manja. Ndinkamva kupuma kwawo. Dzuwa linakwera, hafu, kenako lonse, ndipo pamwamba pake panali patayamba kale kulowa mumtambo.

Ambuya sanasunthe. Anangosuzumirabe mpaka mtambo unalimeza lonse.

"Waphonya," anatero.

Atate anatulutsa mpweya ngati munthu womenyedwa pamimba.

"Pakati waphonya." Ambuya anadzuka atagwira chitsa, n'kusansa mawondo. "Chikhomo chinalidula cha kumanja. Mbali iyi yaikulu, mbali iyi yaing'ono." Anaonetsa ndi manja. "Koma chinali m'kati mwake. Ndaona ndi diso langa."

Ambuya anayenda mpaka pachikhomo, n'kuchigwira pamwamba, n'kuyang'ana kumene dzuwa linabisala.

"Mukasende mtedza wanu," anawauza atate osatembenuka. "Mvula iyi igwa Lamlungu lisanafike."

"Zikomo, akulu," anatero atate. Mawu awo anali ouma. Ndinadikira kuti ambuya anenepo za mawu aja, akuti atate agulitsa munda, koma sananene. Anandifunsa ine kuti dzuwalo lidzalowa mpaka pati m'munda mwawo lisanabwerere. Ndinati sindikudziwa, sindinayezepo mpaka kumeneko. Anati ndikafuna kukhoma ndizikhoma, koma ndiziyamba ndawauza, ndipo ndisamabwere ndekha ngati mfiti.

Pobwerera atate anayenda patsogolo. Titafika pamjigo anaima.

"Ukanawerengera folotini?"

"Chikanaima kunja."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza ulendo. Kusukulu ndinachedwa, ndinapatsidwa chibalo chosesa, ndipo sindinauze aphunzitsi a jogalafe chifukwa chake. Madzulo ndinawerengeranso zonse potengera mmene ambuya anaonetsera ndi manja. Nambala yoyenera inali pakati pa 12 ndi 13. Ndinailemba, ndi chizindikiro chofunsa pambali, chifukwa sindinaone ndi diso langa.

Mvula inagwa Lachisanu. Tinadzala mtedza ndi chimanga, thonje kumunsi. Koma atate atafika cha kumalire anayeza mapazi anayi kuchokera pakachulu kubwerera m'munda wathu, n'kuyambira mzere pamenepo. Amayi anati akutaya malo abwino. Ambuya nawo anadutsa n'kufunsa kuti mpatawo ndi wa chiyani. Atate anati ndi njira, koma ine ndinadziwa kuti mawu aja ogulitsa munda sanawaiwale. Chaka chimenecho panamera udzu wokhawokha, ndipo chaka chino sanalimeponso.